Pamene Dashibodi ya Pikapu Yakale Yayamba Kulankhula

(Nyimbo yotsegulira. Itsike pang'onopang'ono.)

 Lero tikhala pa mpando wa dalaivala koma sitipita kulikonse. Nkhani yathu ndi timalayiti ndi mivi ya pa dashibodi, makamaka m'mapikapu okalamba aja amene amasenza chimanga, fodya, njerwa ndi maliro m'dziko muno: Toyota Hilux za injini ya 2L, 3L ndi 5L, Nissan Hardbody, Isuzu KB, Mazda B2500 ndi anzawo a msinkhu umenewo.

Ndiyambe ndi zimene zinandionekera ine ndemwe. Tinkachokera ku Lizulu pa Hilux ya dizilo, 2.8, kumbuyo titapakira kabichi ndi mbatata ya kachewere mpaka pamwamba, n'kulowa msewu wa Khwekhwerere wotsikira ku Golomoti. Amene munadutsako mukudziwa kuti makona ake sapatsa munthu mpata wokanda m'mutu. Tili mkati motsika, timalayiti titatu tinayaka nthawi imodzi: ka batire, ka mabuleki, ndi ka sefa ya dizilo. Mnyamata amene ankayendetsa anangoseka. "Madala, musade nkhawa, ndi kashoti chabe, imatero imeneyi." Anaponda buleki koyamba, bwinobwino. Kachiwiri, bwinobwino. Atapondanso kangapo, buleki inauma gwa, ngati waponda chitsa. Kuseka kunathera pomwepo. Anabweza giya kuchoka pa 3 kupita pa 2, n'kumakoka handibuleki pang'onopang'ono, mpaka tinaima m'mbali mwa chikhoma. Titatsegula boneti tinapeza fanibeluti itaduka n'kugwetsanso inzake, ulusi wake uli lende pa fani.

Chinachitika n'chiyani? Pa injini za Toyota za mtundu wa L, malamba amenewo amazunguza alitaneta ndi pampu ya madzi, ndipo kumbuyo kwa alitanetayo kuli kapampu kena koyamwa mpweya, kamene kamachititsa kuti buleki izifewa mukaiponda. Lamba akaduka mumataya zinthu zitatu pakamodzi: batire silikutchajidwa, madzi sakuzungulira mu injini, ndipo mwatsala ndi kuponda kungapo kokha buleki isanalimbe. Timalayiti titatu tija sitinayake mwa chisokonezo ayi. Pa Toyota zambiri zakale ndi mmene anatilumikizira: alitaneta ikasiya kutchaja, ka batire kamayaka n'kukoka anzake awiriwo. Ndiye mukadzaona titatu timeneti tayakira limodzi, musayambe kusuzumira m'kabotolo ka mafuta a mabuleki. Patukani, tsegulani boneti, yang'anani lamba.

Tsopano kuyesa koyamba, kumene sikufuna sipanala kapena tambala. M'mawa musanalize galimoto, potokolani kiyi afike pa ON, n'kuima pomwepo. Timalayiti tonse tochenjeza tiyenera kuyaka: ka oyilo kooneka ngati kaketulo kodontha, ka batire, ka mabuleki, ka sefa ya dizilo, ndi kopotanapotana kaja ka mahita. Ka mahita kamazima kokha pakapita masekondi angapo, ndipo totsalato tizime injini ikangolira, kupatula ka mabuleki ngati handibuleki idakali m'mwamba. Kalayiti kamene sikanayake pa ON ndiye kakusowetseni tulo, chifukwa tsiku la tsoka kadzangokhala duu.

Inu amene mukusunga ndalama za fodya kapena za soya kuti mugule pikapu imene ena anayendapo kale, gwirani mawu amenewa. Bambo wina anabwera nayo kwa ine atangoigula, penti ikuwala, mipando yokutidwa bwino. Chikomekome cha mkuyu. Titasolola dashibodi, pamalo pa babu la oyilo panali dzenje lokha, ndipo kalayiti ka T-BELT, kokumbutsa kusintha lamba wa mkati mwa injini, kanali komatidwa ndi tepi wakuda mkati. Ena ochenjera kuposa pamenepa amalumikiza babu la oyilo ku waya wa kalayiti ka batire, kuti tiziyaka ndi kuzima limodzi ngati zonse zili bwino. Mmene mungawagwirire ndikuuzani posachedwapa.

Tikhalitse pa kalayiti ka oyilo, chifukwa ndi kamene kamagwetsa anthu m'ngongole za katapila. Ambiri amayesa kuti kamanena za kuchuluka kwa oyilo mu sampu. Ayi ndithu. Kamanena za mphamvu imene pampu ikukankhira oyiloyo m'tinjira ta mu injini. Kakayaka muli pa liwiro, zitsulo zayamba kukhulana zouma, ndipo injini yotero simachedwa kunoka. Patukani, zimitsani. Osati "tikafike pa mthunzi paja", osati "tikaima pa Kampepuza tikamagula chiwaya". Pomwepo.

Dikirani mphindi zingapo kuti oyilo atsikire pansi, mukatero sololani kandodo koyezera, pukutani, bwezerani, sololaninso. Ngati oyilo wachepa, thirani, kenako gwadani muone kumene akuthawira. Koma ngati ali pa mzere wake, funso latsala limodzi: wodwala ndi injini, kapena wonama ndi swichi? Swichi ya oyilo ndi kachitsulo kakang'ono komangidwa m'nthiti mwa injini, kawirikawiri pafupi ndi sefa ya oyilo, kokhala ndi waya mmodzi. Ntchito yake ndi yophweka. Oyilo akakhala wopanda mphamvu, kamagunditsa waya ujayo ku thupi la injini, babu n'kuyaka. Mphamvu ikabwera, kamalekanitsa, babu n'kuzima.

Ndiye ikani kiyi pa ON injini isakulira, zulani wayayo. Kalayiti kayenera kuzima. Kakapitiriza kuyaka, ndiye kuti waya wasupuka penapake ndipo akugunda chitsulo, kapena mwakumana ndi ukathyali ndanena uja wolumikiza ku kalayiti ka batire. Kenako gunditsani nsonga ya wayayo pa chitsulo cha injini. Kalayiti kayenera kuyaka. Kakapanda kutero, babu lapsa kapena waya waduka. Koma mvetsetsani, akuluakulu: mayeso awiriwa akungotsuka mlandu waya ndi babu basi. Sakukuuzani ngati mphamvu ya oyilo ilipo. Zimenezo amadziwa ndi makanika amene wamasula swichiyo n'kumangapo geji yeniyeni ya paipi. Makanika amene akungoti "tisinthe swichi" osayeza akuombeza ula ndi injini yanu.

Palinso kuphethira kuja: injini ikatentha, mwaima pa roboti kapena pa rodibuloko, kalayiti kakuti phethiphethi, mukaponda mafuta kazima. Nthawi zina ndi swichi yotopa. Koma nthawi zambiri pa galimoto ya zaka zimenezi ndi mabeyaring'i odyeka, kasefa ka mu sampu kotsekeka ndi phala lakuda, kapena oyilo amene wasungunuka chifukwa chosakanikirana ndi dizilo. Dziwani kuti swichi imeneyi imayatsa babu mphamvu ikatsika kwambiri, osafika ngakhale theka la bar imodzi, pomwe tayala la pikapu yomweyo mumalipopa ma bar awiri kapena kuposa. Ndiye ikamafika podandaula, zinthu zafika kale pa mwana wakana phala. Kuthiramo oyilo wolemera ngati uchi kuti kalayiti kazime kuli ngati kufunditsa wodwala bulangeti kumutu n'kumauza anthu kuti wagona.

(Nyimbo pang'ono.)

Tabweranso. Kalayiti ka batire kaja dzina lake limasocheretsa, chifukwa kawirikawiri batire silikhala ndi mlandu. Kakunena kuti alitaneta sikutchaja. Ngati lamba ali bwino ndipo ndi womangika, bwerekani mita yoyezera magetsi, ya manambala ija imene anyamata okonza mafoni ndi masola amakhala nayo. Batire labwino limene lapuma usiku wonse limaonetsa mavolti 12.4 mpaka 12.6. Injini ikulira, nambala ikwere ifike pakati pa 13.8 ndi 14.4. Ikakhala pansi pa 13, alitaneta ikugona pa ntchito. Ikadutsa 15, chowongolera magetsi chake chafa, ndipo batire liyamba kuwira n'kumanunkha ngati mazira ovunda, mababu n'kumapsa motsatizana. Kalayiti kakamangoyaka mwachizimezime, koonekera usiku wokha, ganizirani mabulashi otha kapena dayodi yopsa mkati mwa alitaneta.

Chizolowezi chija chozula waya wa batire injini ikulira, ati kuona ngati ikutchaja, chisiyeni. Magetsi amalumpha mwadzidzidzi n'kuotcha madayodi omwewo, mwinanso wailesi ndi mageji. Komanso pa dizilo wakale mayesowa ndi opanda pake kwenikweni, popeza injini ya pampu ya makina imangofuna magetsi ochepa kwambiri ogwira kavavu ka mafuta kuti kasatseke. N'chifukwa chake pikapu yotere imatha kuyenda tsiku lathunthu alitaneta itafa, mwini wake n'kumati kalayiti kakunama. Choonadi chimatuluka dzuwa likalowa, mwayatsa nyali, muli pakati pa Zalewa ndi Mwanza.

Kanthu kena kamene ambiri sakadziwa: pa magalimoto ena akale, magetsi oyamba odzutsa alitaneta amadzera m'babu la kalayiti komweko. Babulo likapsa, alitaneta yabwinobwino imakana kutchaja, kapena imayamba pokhapokha mwaponda mafuta kwambiri. Anthu agula alitaneta yatsopano chifukwa cha babu la mtengo wa mandasi angapo. Achinyamata okonda kusintha mababu onse a pa dashibodi kuti muikemo a LED owala mobiriwira, limeneli lokha lisiyeni mmene lilili.

Tibwere ku mivi. Muvi wa kutentha uli ndi sensa yake, yomangidwa pafupi ndi pamene paipi yaikulu ya madzi imatulukira mu injini, ndipo pa magalimoto ambiri akale nayonso ndi ya waya mmodzi. Madzi akamatentha, sensayo imalola magetsi ochulukirapo kudutsa, muvi n'kumakwera. Muvi ukafa, uli gone pa C tsiku lonse, zulani waya wa sensa, mnzanu akhale pa mpando kiyi ali pa ON, inu mugunditse wayayo ku chitsulo kamphindi kochepa chabe. Muvi ukathamangira ku H, geji ndi waya zili bwino, yafa ndi sensa. Chotsani msanga, chifukwa mukagunditsa nthawi yaitali muotcha geji.

Koma muvi wogona pansi uli ndi zifukwa zina ziwiri. Choyamba ndi mwambo wathu uja wochotsa themositati, ati kuno n'kotentha sifunika. Ine sindigwirizana nawo. Injini yopanda themositati imachedwa kufunda, imamwa mafuta ambiri, imafuka utsi m'mawa wa ku Dedza kapena ku Mzimba, ndipo imadyeka msanga mkati. Ngati galimoto ikuwira, pezani chimene chikuiwiritsa: lediyeta yotsekeka ndi matope a madzi a pa mjigo, chivundikiro chake chotopa, kapena fani imene yasiya kugwira. Chachiwiri ndiye choopsa. Sensa imayeza madzi. Paipi ikaphulika madzi onse n'kutayika, sensa imatsala pa mpweya, ndipo muvi umene unali pamwamba ukhoza kutsika wokha. Dalaivala akukwera Chiweta, kapena akuchokera ku Chikwawa kukwera mtunda wa ku Blantyre, aona muvi wakwera, kenako watsika, mtima n'kukhala pansi, ati yazizira. Chikhalirecho hedi ikupsa. Muvi ukakwera n'kutsika modzidzimutsa muli pa chitunda, imani. Ndipo chivundikiro cha lediyeta musachigwire injini ili yamoto. Ndaonapo zipsera za nthunzi imeneyo pa nkhope za anthu.

Geji ya mafuta imamvera kachoyandama kamene kali m'thanki, komangidwa ku kamkono ka waya. Mafuta akamatsika, kamkonoko kamatsetsereka pa timizere ta chitsulo, ndipo pakapita zaka timizereto timadyeka pamalo pomwe kamakhalitsa. Kwa ife amene timathira malita asanu asanu, malo amenewo ndi cha kumunsi. N'chifukwa chake muvi umayenda bwino thanki ikadzaza, koma ukafika pa kota umagwa mwadzidzidzi. Nthawi zina kachoyandamako kamabooka n'kumira, muvi n'kumangoloza E ngakhale mwathira mpaka pakamwa. Pa Toyota zambiri zakale, mita imaonetsa pafupifupi ma ohm 3 thanki itadzaza ndi 110 ikakhala yopanda kanthu. Musanatsitse thanki, yambani mwatsuka pulagi ya pamwamba pake, imene imamwa matope a dzinja lililonse. Ndipo kumeneko musapite ndi ndudu pakamwa kapena kandulo m'manja, makamaka pa galimoto ya petulo.

Nanga mivi iwiriyi, wa mafuta ndi wa kutentha, ikapenga limodzi, yonse kugwa kapena yonse kukwera? Masensa awiri, wina ali kutsogolo wina kumbuyo, sangapangane tsiku lofera. Fufuzani chimene akudyera mbale imodzi. Kuseri kwa dashibodi ya mapikapu ambiri akale kuli kachipangizo kotsitsa magetsi a batire kuti mageji azilandira mlingo wosasinthasintha. Pa Nissan Hardbody zoyambirira, za D21, matenda amenewa ndi odziwika, ndipo wokonza mawailesi waluso amatha kukasintha ndi kachitsulo kake kowotcherera. Eni ake ena amangomenya dashibodi ndi chikhatho, mivi n'kudzuka. Kumenyako kukamathandiza, ndiye kuti pali polumikiza pamene pamasuka kapena mtovu wowotcherera wang'aluka. Ndi umboni wabwino, koma si mankhwala.

(Nyimbo pang'ono.)

Zonse zikafa pamodzi, mivi ndi timalayiti tomwe, pitani ku bokosi la mafyuzi, cha kumunsi kwa chiwongolero. Pa Toyota yang'anani yolembedwa GAUGE. Mitundu ya mafyuzi a mano awiri aja ili ndi tanthauzo: yofiira ndi ya 10, yabuluu 15, yachikasu 20. Yofiira ikapsa, bwezeranipo yofiira. Ikapsanso, musakwere ku yachikasu, ndipo musakulungepo waya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Fyuzi imafa kuti mawaya apulumuke. Mukaikapo chosapsa, chidzapsa ndi mtolo wonse wa mawaya kuseri kwa dashibodi, mwinanso galimoto yomwe. Dzifunseni kuti imapsa mukatani. Pa Toyota zambiri fyuzi yomweyi imadyetsanso nyali za livesi, ndiye ngati mageji amafa mukangolowetsa livesi, kwawirani pansi mukaone waya wa pa giyabokosi amene wagona pa chitsulo kapena wapsa ndi ekizozi.

Nyali zounikira manambala usiku zili pa njira ina. Babu limodzi likapsa, mbali imodzi yokha ndiyo imada. Koma dashibodi yonse ikachita mdima mutayatsa nyali, tsikani mukayang'ane kumbuyo kwa galimoto, chifukwa kawirikawiri zimadyera fyuzi imodzi ndi nyali zofiira za kumbuyo, ija yolembedwa TAIL. Mukhoza kukhala mukuyenda pa M1 usiku muli bii, thiraki ikubwera kumbuyo osakuonani. Ndipo ngati vutoli layamba sabata imene munaikitsa wailesi yatsopano, musafufuze kutali. Pa mawaya a wailesi pali mmodzi wa nyali za dashibodi amene amanamiza oyeza, amaoneka ngati ethi nyali zikakhala zozima. Mnyamata wothamangira ndalama amangolumikizapo, masana wailesi ikulira bwino, madzulo mukayatsa nyali fyuzi thi.

Mawu akuti ethi ndawatchula, ndipo kunena zoona theka la mizimu imene anthu amati yalowa m'dashibodi imakhala pamenepa. Magetsi akachoka ku batire amayenera kubwerera, ndipo njira yobwererayo ndi thupi la galimoto. Pakachita dzimbiri pamene waya wa ethi wamangidwa, magetsi amasaka njira zachidule kudzera m'mababu ndi mageji a eni. Zizindikiro zake n'zoseketsa: mukayatsa nyali zazikulu muvi wa kutentha ukukwera, mukaponda buleki kamuvi ka indiketa kakuyaka mwachizimezime, mukaimba hutala muvi wa mafuta ukugwedezeka. Musagule geji. Masulani waya wokhuthala wochoka ku batire kupita ku bodi, ndi wina wolumikiza injini ku tchesisi, palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, mangani zolimba, pakanipo girisi pang'ono. Waya wa ku injiniyu amakonda kuiwalika akatsitsa injini kapena giyabokosi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito ya mawaya imafuna munthu wogwira chinthu chimodzi, kuyesa, kenako china.

Inu onyamula chimanga ndi mtedza, onjezanipo makoswe. Pikapu ikagona pafupi ndi nkhokwe, amalowa kuseri kwa dashibodi, kumanga chisa ndi thonje la mpando, n'kumanola mano pa mawaya. Fungo lokha limakuuzani musanamasule sikuluwu ndi imodzi yomwe.

Kalayiti ka sefa ya dizilo kakayaka kokha, kopanda anzake aja, kakunena kuti pansi pa sefa padikha madzi. Masiku a mizere pa mafilingi siteshoni, pomwe ambiri timagula mafuta a m'zigubu m'mbali mwa msewu, kameneka kamagwira ntchito kuposa tonse. Ikani kachitini pansi, masulani kakoko ka kumunsi kwa sefa, popani kapampu ka pamwamba mpaka madzi atatha n'kuyamba kutuluka dizilo woyera, kenako mangani ndi dzanja, osati ndi pulayala. Madzi amenewo akafika mu pampu ya dizilo, mtengo wokonzetsera mudzaumva m'mafupa.

Kalayiti ka T-BELT kakayaka sikuti kaona vuto. Kamangowerenga mtunda, ndipo pa injini zambiri za L kamayaka pa makilomita 100,000 alionse kukukumbutsani kusintha lamba wa mano wa mkati, amene akaduka mapisitoni amaombana ndi mavavu. Pali kabatani kokazimitsira, ndipo anthu ena amakadina osasintha lambayo. Eni Hardbody za injini ya TD27 nkhawa iyi alibe, poti mmenemo muli magiya m'malo mwa lamba. Komanso kumbukirani kuti kuwerengako kumadalira sipidomita. Chingwe chake chochokera ku giyabokosi chikayamba kuuma, muvi umanjenjemera n'kumalira tsetsetse; chikaduka, muvi umagona pa 0, manambala a mtunda amaima, ndipo T-BELT sidzayakanso ngakhale lamba atafika pothetheka. Ngati yanu inaduka kalekale ndipo mumangoyeza liwiro ndi khutu, lembani tsiku limene munasintha lamba ndi penti mkati mwa boneti.

Nthawi yatithera. Sabata ya mawa tidzatenga kachidutswa ka waya n'kulumikiza mabowo awiri, TE1 ndi E1, pa Hilux ya petulo ya 22R-E, kuti timve mmene kalayiti ka injini kamawerengera matenda ake mwa kuphethira. 

(Nyimbo yotsekera.)